Usanapite ku Auschwitz, mwana wanga

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno tonse tili bwino. Akuti mwezi wamawa ukupita ku Kraków ndipo ukufuna kukaona Auschwitz, misasa yomwe Ajeremani ankatsekeramo ndi kupheramo anthu pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Tchera khutu tsono.

Pasipoti ya Malawi imafuna viza ya Schengen. Mapepala ako a ku Britain sakulowetsa ku Poland. Chiphaso cholowera pamalopo uchipezeretu pa intaneti, pakuti nyengo yotentha malo amatha msanga, ndipo dzina likhale lofanana ndi la m'pasipoti chifukwa pachipata amayerekeza. Kuchokera ku Kraków kufika ku Oświęcim, tauni yomwe kuli Auschwitz, ndi makilomita pafupifupi 70, ola limodzi ndi theka pa basi. Ukafike mphindi 30 nthawi yako isanakwane, amasecha ngati pabwalo la ndege. Chikwama chachikulu salola. Udyeretu, m'kati sadyeramo.

Misasa yomwe alendo amaona ndi iwiri. Auschwitz I, yomwe Ajeremani a chipani cha Nazi anatsegula mu 1940, ndi nyumba za njerwa. Mu Block 4 muli tsitsi lomwe ankameta anthu ophedwa, pafupifupi matani 2. M'chipindamo sajambula, foni ikhale m'thumba. Mu Block 5 muli nsapato, magalasi a maso, ndi masutikesi olembedwa mayina a eni ake, anthu amene ananamizidwa kuti akungosamutsidwa. Usangodutsa. Ima pa sutikesi imodzi, uwerenge dzinalo mpaka kumapeto. Pansi pa Block 11 ndi pomwe wansembe Maximilian Kolbe anafera mu Ogasiti 1941, atadzipereka m'malo mwa mkaidi mnzake.

Ambiri amalakwitsa apa: amatopa, mitima imalemera, nkubwerera osafika ku Birkenau, msasa wachiwiri uja. Chonsecho anthu ochuluka anaphedwera kumeneko. Ndi makilomita 3 okha, ndipo pali basi yaulere. Ukapita ndi wotsogolera alendo, ulendo wonse umatenga maola atatu ndi theka, koma ndikanakonda utsalire ukatha. Ndi chigwa chachikulu chopanda mthunzi, choncho valira nyengo, nsapato zikhale zoyendera. Tsata njanji mpaka pothera, pomwe pali mabwinja a zipinda za gasi zomwe asilikali a SS, gulu la chipani cha Nazi lomwe linkayang'anira misasayi, anaphulitsa pofuna kubisa umboni asilikali a Soviet Union asanafike pa 27 Januwale 1945. Panjanjipo osayenda modzionetsera kuti akujambule. Pamaliro sitichita zimenezo, ndipo anthu pafupifupi 1.1 miliyoni anafera pamisasayi, Ayuda okhaokha pafupifupi 1 miliyoni, ena Apolishi, anthu a mtundu wa Roma (Majipsi) ndi asilikali ogwidwa a Soviet Union.

Polankhula usamati msasa wa Apolishi, zimawapweteka kwambiri. Dziko lawo linali litalandidwa, msasawo unali wa Ajeremani.

Adzukulu anga uwasiye. Oyang'anira malowo salimbikitsa kubwera ndi ana osakwana zaka 14. Madzulo a tsikulo usakonze zochita zina. Ukabwerera ku Kraków undiimbire.

Ndine,
Mayi ako