Kwa kampani yosungitsa katundu: chipinda chanu chodula chandiwolera nsapato

Akuluakulu, ndalemba pano poyera chifukwa njira zakumbali ndayesa zakanika. Imelo iliyonse imabwerera ndi mawu omwe aja oti nkhani yanga mwailandira. Foni ya ku ofesi kwanu amayankha munthu wina nthawi zonse, ndipo aliyense amafuna ndiyambirenso pachiyambi. A manijala sasowa msonkhano. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye mundimvere pompano, makasitomala anzanga akuwerenga.

Pochoka kukagwira ntchito kutali kwa miyezi ingapo, ndinabwera kudzachita lendi chipinda chosungiramo katundu. Mayi amene anali pa kauntala anandionetsa mitundu iwiri. Zina ndi zawamba, malata ndi loko basi. Zina ndi zodula, zomwe pa chikwangwani chanu munalemba kuti mumayang'anira kutentha ndi chinyezi usana ndi usiku. Ndinawauza mosabisa kuti katundu wanga wambiri ndi nsapato, zochuluka zachikopa. Iwo anati, "Ndiye tengani chodulachi mayi, muno simulowa chinyezi." Ndinatenga chodulacho. Ndalama yake yakhala ikuchoka ku akaunti yanga mwezi ndi mwezi, ndipo simunandiimbirepo foni yondikumbutsa kuti ndachedwa kulipira.

Nditabwerako, fungo ndi lomwe linayamba kundilandira chitseko chisanakwere n'komwe mpaka m'mwamba. Katoni yoyamba nditainyamula, pansi pake panatsalira pa shelefu chifukwa inali itafewa. Nsapato zanga zofiirira zopitira ku ntchito zinali zitavala ubweya woyera wosakanikirana ndi wobiriwira, kuyambira kumphuno mpaka kuchidendene. Nkhunguyo inatsata ulusi wonse wa msoko, inalowa pansi pa lilime, inafika mpaka mkati momwe mumaponda phazi. Timabowo ta zingwe tinachita dzimbiri, dzimbirilo n'kudontheza mizere pachikopa. Majombo a suede, chikopa chofewa cha tiubweya, ali ndi madontho akuda omwe burashi singachotse. Zagogoda zinamatuka, guluu atasiya kugwira. Nsapato zothamangira, zomwe ndinagula nditatsala pang'ono kunyamuka ndipo ndinali ndisanazivale kwenikweni, ndinangodina soli yake ndi chala n'kuyamba kuyoyoka tizidutswa m'manja. Pakona panali zitosi za makoswe, ndipo zingwe za nsapato zina anali atazitafuna.

Yankho lokhalo lomveka limene ndalandira kwa inu ndi la bambo wina wa ku ofesi, amene anandiuza pafoni kuti mwina ndinapakira molakwika. Bambowo sanafike kuchipindako, sanaone zithunzi, sanandifunse mmene ndinapakirira. Ndiye ndifotokoze, kuti mawu amenewa musadzawanenenso kwa munthu wina musanaone.

Nsapato iliyonse ndinaitsuka kapena kuipukuta, n'kuisiya pamthunzi podutsa mphepo mpaka itauma gwa, chifukwa ndikudziwa kuti thukuta ndi litsiro lotsalira ndizo chakudya cha nkhungu. Zachikopa ndinazipaka mafuta ake kuti zisang'ambike. Zabwino kwambiri ndinaziika timitengo ta cedar toumba phazi, tomwe timasunga maonekedwe a nsapato komanso kuyamwako chinyezi. Zotsalazo ndinazifutsa mapepala oyera opanda asidi. Nyuzipepala ndinaipewa dala, popeza inki yake imatsalira pachikopa chowala. Sindinamange nsapato ngakhale imodzi m'jumbo la pulasitiki, chifukwa chikopa chotsekeredwa chimachita thukuta, madziwo n'kusowa kotulukira. Ndinagwiritsa ntchito timatumba tansalu ndi makatoni okhala ndi mabowo. M'katoni iliyonse ndinaponyamo timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi. Palibe katoni imene inakhudza simenti: zonse zinali pa mashelefu amene ndinabwera nawo ndekha, motalikirana ndi khoma, zolemera pansi, zopepuka pamwamba. Mundiuze, bambo a ku ofesi, cholakwika chili pati pamenepa?

Mwina mukuganiza kuti silica gel bwenzi atapulumutsa zonse. Ayi. Timikanda timene tija timayamwa madzi okwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake, kenako timakhuta, ndipo tikakhuta tatha ntchito mpaka munthu atatiumitsanso. Anga anali a mtundu wosintha maonekedwe, aja a olenji omwe amasanduka obiriwira akadzaza madzi. Ndinawapeza onse ali obiriwira. Kapaketi kakang'ono kamathandiza m'katoni imene ili m'chipinda chouma kale. Sikangalimbane ndi chipinda chonse chonyowa kwa miyezi. Ntchito imeneyo ndi ya makina anu ochotsa chinyezi, ndipo ndi imene ndinkalipira.

Nkhungu simera mwamatsenga. Chikopa chimakhala bwino chinyezi cha mumpweya chikakhala cha m'ma 45 mpaka 55 peresenti. Chikadutsa 65 n'kukhala pamenepo nthawi yaitali, nkhungu imapeza mpata, ndipo chikafika m'ma 70 kupita kutsogolo imakula mosavuta, makamaka malo akakhala otentha ndi opanda mphepo yoyenda. Chinthu chikanyowa ndi madzi enieni, maola 24 mpaka 48 ndi okwanira kuti iyambe. Izi si zachinsinsi. Aliyense wochita bizinesi yosungitsa katundu amayenera kuzidziwa asanakhome chikwangwani.

Tsiku lotsatira ndinabwerera ndi kachipangizo koyezera chinyezi, kaja kakang'ono kokwana m'thumba. Ndinakasiya pa shelefu kwa kanthawi chitseko chili chotseka. Kanawerenga 82 peresenti. Chithunzi ndili nacho, ndipo nambala ya chipinda ikuoneka kumbuyo kwake. Kenako ndinakweza maso. Pamalata a denga pali mizere ya madzi youma ndi ina yaiwisi, ndipo molunjika pansi pake ndi pomwe panali katoni yofewa ija. Kaya ndi mvula imene imadontha, kaya ndi mame amene amapangika kunsi kwa malata masana kukatentha usiku n'kuzizira, zonsezo ndi za nyumba yanu. Denga lokutidwa bwino kunsi silichita zimenezo. Kumapeto kwa khonde ndinapeza makina ochotsa chinyezi aja ali chete, chingwe chake chili pansi chosalumikiza kumagetsi, pamwamba pake pali fumbi loti n'kulembapo dzina. Wantchito wanu wina, amene sindimutchula kuti musamuvutitse, anandiuza kuti makinawo anafa kalekale ndipo anapereka lipoti kwa mabwana. Chotero vutoli munkalidziwa. Munasankha kukhala chete, ndalama ya chipinda chodula mukulandirabe.

Apa ndi pamene pakundiwawa kuposa nsapatozo. Makina amafa, zimenezo n'zachidziwikire, ndipo sindikanakuimbani mlandu pa icho chokha. Koma nambala yanga muli nayo. Imelo yanga muli nayo, ndipo malisiti amafika pa tsiku lake osaphonya. Uthenga umodzi wokha woti makina awonongeka, bwerani mudzaone katundu wanu kapena tumani munthu, bwenzi nditapempha mchemwali wanga kudzachotsa nsapatozo zisanafike pamenepa. Kachitidwe kanu kotumiza malisiti kamagwira bwino ntchito, koma kochenjeza kasitomala mulibe.

Kuti musanene kuti ndikufuna kukudyerani, ndinene chilungamo pa nkhani ya soli zoyoyoka. Soli za nsapato zina zothamangira ndi za ku ntchito amazipanga ndi polyurethane, mtundu wina wa pulasitiki, ndipo chinthu chimenechi chimaphwanyidwa pang'onopang'ono ndi madzi a mumpweya ngakhale nsapatoyo itangokhala m'bokosi osavalidwa. Pakapita zaka zambiri, soli yotere imatha kuyoyoka yokha kulikonse kumene yasungidwa. N'chifukwa chake peyala yakale kwambiri imene ndinali nayo sindinaiike pa mndandanda wa zomwe ndikufuna mundilipire. Koma kutentha ndi chinyezi zimafulumizitsa kwambiri kuwonongeka kumeneku, ndipo nsapato yatsopano siyoyoka m'miyezi yochepa ikakhala pouma. Lisiti yogulira ndili nayo, tsiku lake likuoneka.

Ndinatengera zina kwa wosoka nsapato amene ndimamudalira. Anapukuta nkhungu ndi viniga wosakaniza ndi madzi, anaziumitsa pamthunzi, anazipakanso mafuta. Mapeyala ochepa abwerera, ngakhale fungo likukanirira. Zofiirira zija anandibwezera akupukusa mutu. Anapinda chikopa pang'ono kutsogolo kwanga n'kundionetsa mmene chikung'alukira m'mizere, chifukwa nkhunguyo inadya mafuta a mkati mwake. Anati akhoza kuzipaka polishi kuti ziwale, koma sizipirira nyengo imodzi ya mvula. Za suede sanazilandire n'komwe.

Tsopano za ndime ija ya mumgwirizano imene mukubisalamo, yoti kampani siyankha pa katundu wowonongeka ndi nkhungu, chinyezi kapena tizilombo. Ndinaiwerenga. Ikanakhala ya chipinda chawamba, ndikanangoti pepani ndekha. Koma simungagulitse chipinda pa mtengo wokwera ponena kuti mumachotsa chinyezi, kenako m'timalemba tating'ono n'kunena kuti chinyezi si nkhani yanu. Ndiye ndalama yowonjezerayo inali ya chiyani? Inshuwalansi imene munandikakamiza kutenga polembetsa nayonso, nditaifunsa, akuti nkhungu ndi makoswe sizili m'gulu la zomwe amalipira. Tsiku losaina palibe anandiuza zimenezi. Munanditengera ndalama kawiri, kwa makina osagwira ntchito ndi kwa inshuwalansi yosakhudza chinthu chenicheni chimene ndinanena pa kauntala kuti ndikuopa.

Za makoswe sindichulutsa mawu. Munati mumathira mankhwala ndi kutchera misampha kawirikawiri. Khonde lonse ndaliyenda, msampha sindinauone, ndipo pansi pa chitseko changa pali mpata woti dzanja limalowa.

Anzanga amene muli ndi katundu m'zipinda zodulazi, makamaka nsapato, zikwama zachikopa, zovala ndi mabuku, musadikire tsiku losamutsa. Pitani mukatsekule, mukanunkhize, mukayang'ane kudenga ndi kunsi kwa makatoni. Kachipangizo koyezera chinyezi sikavuta kupeza. Mukapeza zomwe ndapeza ine, jambulani musanasunthe kanthu, ndipo zokambirana ndi ofesi zikhale zolemba, chifukwa za pafoni amazikana.

Kwa inu a kampani, zomwe ndikufuna ndi izi. Mundionetse kaundula wa kutentha ndi chinyezi wa mbali imene kuli chipinda changa kwa miyezi yonse imene ndakhala ndikulipira. Munanena kuti mumayang'anira usana ndi usiku, ndiye manambala alipo, ndipo ngati palibe mundilembere kuti palibe. Mundiuzenso tsiku limene lipoti la makina lija linafika pa tebulo la a manijala. Ndalama yosiyanitsa chipinda chodula ndi chawamba mundibwezere yonse kuchokera tsiku limenelo. Nsapato zowonongeka mundilipire malinga ndi malisiti amene ndatumiza kale pa imelo, kuphatikizapo zomwe ndapereka kwa wosoka. Mwezi waulere umene bambo a ku ofesi anautchula sindikuufuna: sindingabwezeretse katundu m'chipinda chomwecho denga likudonthabe. Ndipo makasitomala onse a mukhonde limenelo muwalembere sabata ino, osadikira kuti aliyense adzatulukire yekha.

Makatoni owonongeka ndawasiya mmene ndinawapezera, kupatula zomwe zinapita kwa wosoka, ndipo loko ndi wanga. A manijala abwere Lolemba m'mawa titsekule limodzi, abwere ndi choyezera chawo ngati changa sakuchikhulupirira. Akapanda kubwera kapena kundiyankha molemba pofika tsiku limenelo, zithunzi, malisiti ndi mgwirizano ndikazipereka ku bungwe loteteza ufulu wa ogula, ndipo ndikapempha kuti akaone zipinda zonse za mbali imeneyo.