Tinamuiwala bwanji Gerald Phiri wa ku Sopot?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndikambeko za anyamata othamanga liwiro, chifukwa tsamba la zamasewera mu nyuzipepala yathu ino ndi bola yokhayokha sabata ndi sabata, ndipo ana athu akukula osadziwa kuti mwana wa Zambia anaimapo pa mzere umodzi ndi anthu aliwiro kwambiri padziko lonse, mu fainolo yeniyeni. Ndikunena Gerald Phiri, mu Malichi 2014 ku Sopot m'dziko la Poland, pa World Indoor Championships, mpikisano uja amathamangira mkati mwa holo. Funsani anyamata pa siteshoni ya minibasi ku Matero kuno za AFCON ya 2012 ku Libreville, akuuzani mpaka amene anamenya penate yomaliza. Afunseni za Sopot, angokuyang'anani chabe. Zimandiwawa kwambiri.

Mtunda wake unali mamita 60. Ena amaupeputsa ati ndi waufupi, koma amene anathamangako akudziwa kuti ndiye wovuta, chifukwa mulibe nthawi yokonza cholakwa. Pa mamita 100 munthu wamiyendo itaaitali atha kunyamuka mochedwa n'kuwapeza anzake kutsogolo, pa 60 ukachedwa pa mabuloko, zopondapo zija zonyamukira, basi zako zatha, mpikisano wonse sukwana ndi masekondi 7 omwe. Ndiye sungabe ayi. Mabuloko aja ali ndi makina omva phazi likakankha, ukanyamuka pasanathe 0.100 ya sekondi mfuti italira amati waba sitati, ndipo kuyambira 2010 lamulo ndi lakuti kamodzi kokha watuluka. Lamulo lomweli ndi limene linachotsa Usain Bolt mu fainolo ya mamita 100 ku Daegu mu 2011, Yohan Blake n'kutenga golide. Ndiye taganizani mtima wa munthu wagwada pamenepo, akudziwa kuti akafulumira pang'ono watuluka, akachedwa pang'ono waluza.

Manje onani mmene zinathera ku Sopot. Richard Kilty wa ku Britain, amene anthu ambiri sankamuwerengera n'komwe, anawina ndi 6.49. Marvin Bracy wa ku America 6.51. Kenako anthu atatu analowa ndi nthawi imodzimodzi ya 6.52, Femi Ogunode wa Qatar, Su Bingtian wa China ndi Phiri wathu. Atatu onse 6.52! Anachita kuwasiyanitsa ndi kamera ya pa mzere, ija imagawa sekondi imodzi ka 1,000, ndipo chimene amayang'ana ndi chifuwa, osati mutu kapena dzanja kapena phazi, chifuwa cha ndani chayamba kufika pa mzere. Ogunode anapatsidwa buronzi, Su nambala 4, Phiri nambala 5. Kumbuyo kwake kunali Dwain Chambers amene anali atawinapo mpikisano womwewu mu 2010 ku Doha, komanso Nesta Carter wa ku Jamaica, mnzake wa Bolt mu timu ya rile, mpikisano wothamanga molandizana kamtengo. Anthu amenewo mwana wa kwathu anawasiya kumbuyo.

Ndikudziwa ena ati nambala 5 si mendulo, palibe chokondwerera. Ine ndikukana. Pakati pa Phiri ndi golide panali 0.03 ya sekondi, pa liwiro limenelo ndi mtunda wongofanana ndi rula ya mwana wa sukulu ija ya masentimita 30, ndipo pakati pa iye ndi buronzi wotchi sinaone n'kusiyana komwe mpaka anaitana kamera. 6.52 imeneyo inali rekodi ya dziko lathu. Munthu yemweyu anafika mu semifainolo ya mamita 100 pa Olympics ya ku London mu 2012. Ngati zimenezi sizokwanira kuti dzina lake lizitchulidwa m'masukulu mwathu ndiye tikufuna chani?

Koma pali china chimene chimandivuta kuposa kuiwalako. Liwiro la Phiri silinakulire kuno. Anakulira ku Britain, n'kukaphunzira ku yunivesite ya Texas A&M ku America, kumene kuli makochi, matiraki abwino ndi mipikisano pafupipafupi. Ife tinangolandira munthu wopsa kale, iye n'kuvala mbendera yathu, pamene ena amasintha dziko, Ogunode uja wa buronzi anabadwira ku Nigeria koma mendulo inapita ku Qatar. Ndiye funso langa ndi lakuti, mwana wa ku Kanyama kapena ku Chawama amene alibe wachibale kunja, amene amathamanga wopanda nsapato pa giraundi ya fumbi pa tsiku la masipotsi, akafika bwanji pamenepo? Aluso alipo, musakayike. Chaka chomwecho cha 2014 Sydney Siame anawina golide wa mamita 100 pa Youth Olympics ku Nanjing, mu 2019 n'kudzatenganso golide wa mamita 200 pa African Games ku Rabat. Muzala Samukonga anawina mamita 400 pa Commonwealth Games ku Birmingham mu 2022, pa Olympics ya ku Paris mu 2024 n'kubwera ndi buronzi atathamanga 43.74, ndipo tonse tinakuwa m'makomboni muno usiku umenewo. Akuluakulu akukumbuka Samuel Matete ku Tokyo mu 1991, ngwazi ya dziko lonse pa mamita 400 odumpha mahado, zotchinga zija amaika pa tiraki, pa mpikisano womwe uja Carl Lewis anathamanga 9.86 ndipo amuna 6 anatsika pansi pa masekondi 10 mu fainolo imodzi, mmodzi mwa iwo Frankie Fredericks wa ku Namibia pafupi pompa. Magazi aliwiro si a ku Jamaica kokha.

Chimene ndimaona ine ndikapita kukaonerera ana pa mipikisano ya masukulu ndi ichi. Aphunzitsi amayesetsa, ndiwayamike, amajambula malaini ndi laimu m'mawamawa, wina agwira wisulo wina agwira foni kuti atenge nthawi. Mwana awina, anzake amunyamula, apatsidwa kope ndi bolopeni, nthawi yake ilembedwa pa kapepala kamene mawa lake palibe akudziwa kali kuti. Chaka chamawa tiyambiranso pomwepo. Mwana ameneyo sanagwadepo pa mabuloko, sanavalepo masipaiki, nsapato zothamangira za timisomali kunsi, sadziwa kuti masitepe oyamba umathamanga utawerama n'kumadzuka pang'onopang'ono, iye mfuti ikalira amangoimirira njo n'kuyamba kupalasa. Akadzafika zaka 18 chizolowezi chalimba kale. Ndipo nthawi ya pa foni kapena sitopuwotchi ya pamanja kunja sailandira pa mitunda yaifupi, chifukwa chala cha munthu chimachedwa kudina, amafuna ya makina, komanso payenera kukhala choyezera mphepo poti ikakukankha kupitirira mamita 2.0 pa sekondi nthawiyo siiwerengedwa ngati rekodi. Ndiye mwana atha kukhala ndi liwiro loopsa koma alibe pepala loonetsa kochi wa kunja kapena yunivesite yopereka sikolashipu.

Malo tili nawo mu Lusaka muno. National Heroes Stadium inatsegulidwa mu 2014, chaka chomwecho cha Sopot, ndipo ili ndi tiraki yozungulira bwalo, pafupi pomwepo pali OYDC (Olympic Youth Development Centre), malo ophunzitsira achinyamata masewera, imene inatsegulidwa mu 2010. Chimene ndikupempha ndi chakuti ana opambana m'mazoni onse azitengedwa kupita kumeneko kangapo pa chaka, osati kamodzi, akathamange pa mabuloko ndi wotchi ya makina, nthawi zawo zisungidwe. Makampani amene amathira ndalama mu bola apatuleko pang'ono za masipaiki ndi thiransipoti, mwana wa ku Mtendere asalephere kupita chifukwa cha ndalama ya basi. Anzathu a ku Botswana ndi ochepa kuposa ife koma Letsile Tebogo anatenga siliva wa mamita 100 pa mpikisano wa dziko lonse ku Budapest mu 2023, chaka chotsatira golide wa mamita 200 pa Olympics ku Paris ndi 19.46, ndipo mnyamata ameneyo anakulira kwawo konko.

Inunso a Mkonzi muli ndi mbali yanu. Tipatseni kakona kamodzi pa sabata ka zothamanga, muzilembamo maina a masukulu ndi nthawi zimene ana athamanga, kuti wa ku Chipata aone kuti wa ku Kabwe wamuposa ndi zingati ndipo alimbikire. Tumani mtolankhani wanu amufunefune Gerald Phiri amufunse za tsiku lija, mmene anakonzekera, chimene anamva akudikira kuti bolodi ionetse ndani watenga buronzi pa atatu aja, ndi chimene angawauze makochi athu pa nkhani ya sitati. Musindikizenso chithunzi cha kamera ya pa mzere ija, chachikulu bwino, aphunzitsi a masipotsi akachimate m'makalasi.

Ine wowerenga wanu,
Matero, Lusaka