Tinjira ta njinga m'mapiri a Chipata tiloledwe mwalamulo

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani imene ena angaione ngati yachibwana, ya achinyamata amene Loweruka lililonse m'mamawa amakwera mapiri ozungulira mzinda wathu wa Chipata ndi njinga zamagiya, zija za matayala onenepa, n'kumatsetsereka nazo m'tinjira ta m'tchire. Mmodzi wa iwo ndi mdzukulu wanga wa zaka 17, amene anasunga ndalama za maganyu chaka chonse kuti agule njinga yakale ku salaula, ndipo amaisamala kuposa mmene amasamalira nsapato zake za kusukulu.

Mwezi watha mnyamatayu anabwera kunyumba wapansi, chisoti chili m'manja. Munthu wina amene anati amalondera malowo anawaimitsa ali asanu, n'kuwalanda njinga ziwiri ponena kuti alibe chilolezo. M'mawa mwake ndinapitako ndekha ndi miyendo yanga yokalambayi, ndipo titakambirana nthawi yaitali njinga zinabwezedwa. Koma nditafunsa kuti chilolezocho chimatengedwa kuti, ndipo n'cha ndalama zingati, panalibe yankho logwira mtima. Tili chiimire pomwepo, panadutsa njinga ziwiri zolemedwa ndi matumba a makala, zikutsika m'kanjira komweko, mabuleki akulira. Sindikuwanyoza ootcha makalawo, pakuti njala ilibe manyazi, komabe ndinabwerera kunyumba ndili ndi funso: zikutheka bwanji kuti wotulutsa mitengo m'phiri adutse, pamene wolowamo ndi botolo la madzi lokha alandidwe njinga?

Chipata ndi mzinda wa njinga. Ife akale tikukumbukira fakitale ya Luangwa Industries imene inkapanga njinga za Eagle kunokuno, ndipo mpaka lero odwala, ana asukulu, mbuzi ndi matumba a chimanga amafika ku Kapata ndi ku Saturday Market pa keliyala. Chimene chasintha n'chakuti ana athu ayamba kuona njinga ngati masewera, monga mpira. Pamsewu waukulu wa Great East sangaphunzirirepo bwino, chifukwa cha malole opita ku chipata cha m'malire cha Mwami ndi njinga zamoto zimene zachuluka ngati ngumbi. Malo otsala ndi m'mapiri, ndipo mapiriwo tili nawo ambiri, kuyambira Kanjala amene aliyense amamuona akangotuluka pakhomo.

Vuto lagona pakuti tchire lozungulira mzinda lili ndi eni atatu. Pena ndi malo a khonsolo, pena ndi nkhalango yotetezedwa imene ili m'manja mwa nthambi ya zankhalango, pena ndi malo a mafumu, ndipo mwana ali panjinga sangadziwe pamene wadumpha malire. Lamulo la zankhalango la nambala 4 la chaka cha 2015 limaletsa kulambula msewu m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo, choncho mlonda uja sanalankhule za m'mutu mwake. Koma lamulo lomwelo linatsegulanso khomo lina: limalola anthu a m'dera kupanga gulu losamalira nkhalango ndi kusainirana pangano ndi boma, ndipo pakati pa zimene panganolo lingaloleze pali zokopa alendo ndi zosangalatsa. Ndondomeko yake inatuluka mu 2018, ndipo imafuna kuti mfumu ya deralo ivomereze. Kunena zoona, sitikupempha lamulo latsopano ayi. Tikupempha kuti lomwe lilipo ligwire ntchito pa mapiri amene tikuwaona akumetedwa mpala chaka ndi chaka.

Ndikudziwa zimene otsutsa anganene, ndipo zina n'zomveka. Akuti matayala amakokolola nthaka. Amakokololadi ngati kanjira katsika choongoka kuchokera pamwamba mpaka pansi, monga mmene tinjira ta nkhuni timachitira, pakuti mvula ikagwa madzi amatsata momwemo n'kukumba chigwembe. Mlimi aliyense wa kuno amadziwa mankhwala ake, chifukwa alangizi anatiphunzitsa kalekale kulima mizere yopingasa chitsetse. Kanjira kabwino ka njinga kamayenda chimodzimodzi: kamazungulira phiri cham'mbali, kamakhota mobwerezabwereza, kamapendekeka pang'ono kuti madzi adutse m'malo moyenda nako, ndipo m'malo onyowa amayalamo miyala. Zimenezi zimafuna makasu, mapiki ndi munthu wodziwa kuyeza, ndipo palibe amene angazichite poyera pamene akuopa kugwidwa. Kanjira kobisa ndiye kamene kamaononga, chifukwa amakatsegula mothamanga. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nthaka ikakhuta madzi, tinjirato titsekedwe ndithu, ndipo okwera njingawo aziuzidwiratu.

Ena akuopa ngozi kwa amayi otola nkhuni, ofuna bowa ndi ana otola masuku. Mantha amenewa ndi anganso, popeza njinga yotsika phiri imabwera mwakachetechete. Pangano linene momveka kuti woyenda pansi ndiye mwini njira, kuti njinga iliyonse ikhale ndi belu, ndiponso kuti tinjira totsetsereka kwambiri tikhale patokha ndi zikwangwani za m'Chinyanja. Njinga zamoto zisalowemo m'pang'ono pomwe. Palinso chinthu chimene achinyamata a m'tauni angachiphonye mosadziwa: msitu wina umene ukuoneka wokongola ndi manda, ndipo kwina kuli dambwe. Kumeneko tayala lisaponde. N'chifukwa chake nkhaniyi iyenera kuyambira kwa anyakwawa, iwo aloze ndi chala pamene pali pololedwa, kenaka ikwere kwa mafumu aakulu, isanafike pa mapepala a ku ofesi.

Kodi mzinda upindulanji? Ambiri angathamangire kutchula alendo, poti opita ku Mfuwe kukaona nyama ku South Luangwa amagona kuno usiku umodzi n'kupitirira, ndipo ena mwa iwo angatsale tsiku lina atamva kuti pali pokwera njinga ndi mnyamata wowaperekeza. Zimenezo n'zotheka, koma ine sindiika mtima wanga pamenepo. Phindu lalikulu ndi maso. Phiri limene anthu amalikwera mlungu ndi mlungu lili ndi mboni: uvuni wa makala ukafuka utsi amauona, wina akayamba kuswa miyala kapena kukumba maziko pamalo osayenera amadziwa tsiku lomwelo, moto wolusa ukabuka mu Seputembala pali wokanena. Anthu a m'makomboni a Nabvutika ndi Mchini safuna kuuzidwa chimene madzi ochokera m'phiri lopanda mitengo amachita pakhomo. Ku Lusaka, mbali ya nkhalango ya Forest 27 inachotsedwa pa chitetezo mu 2017, ndipo nyumba zinamera pamene panali mitengo. Chipata inakwezedwa kukhala mzinda chaka chomwecho, ndipo njala ya mapuloti ikukwera mapiri athu tikuona.

Za ndalama sindichulutsa mawu. Zikwangwani, zipangizo ndi maphunziro a anyamata ochepa ndi kadontho chabe poyerekeza ndi thumba la boma la chitukuko cha m'madera a aphungu (CDF), limene linakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022, ndipo pempho lotere lingadzere ku komiti ya chitukuko ya wadi monga mapempho ena onse.

Kwa okwera njinga ndikuti: lekani kutsegula tinjira tatsopano mobisa, lembetsani gulu lanu, sankhani atsogoleri, ndipo muitanemo alongo anu, amenenso akufuna kukwera koma makolo amawakaniza poopa kutchire. Kwa khonsolo, a zankhalango ndi mafumu, pempho langa n'lakuti mvula isanayambe mukhale pansi ndi achinyamatawa, musankhe phiri limodzi lokha, muyende nawo wapansi, mujambule kanjira kamodzi pa mapu, ndi kukaloleza kwa chaka chimodzi choyesera. Chakacho chikatha tidzapitenso tonse kukawerenga zitsa ndi zigwembe. Ine ndidzabwera ndi khasu langa, ngakhale panjinga yamagiya sindidzakwerapo.

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Kapata, Chipata