Lipoti la Msonkhano wa Ojambula: Chithunzi cha Albert Bierstadt cha Mapiri a Rocky

A Wapampando ndi mamembala nonse a gulu lathu la ojambula pamanja, landirani lipoti la msonkhano umene munandituma ku New York. Mitu yokambirana inalipo ingapo, koma umene unatenga nthawi yaitali unali wa chithunzi cha Albert Bierstadt chotchedwa The Rocky Mountains, Lander's Peak, chimene nthumwi tonse tinakachiona ku nyumba yosungiramo ndi kuonetsera zaluso ya Metropolitan Museum of Art.

Bierstadt anabadwira ku Solingen m'dziko la Germany mu 1830, anakulira ku New Bedford ku America, ndipo luso anakaliphunzira ku Düsseldorf. Mu 1859 anatsagana ndi gulu la Frederick W. Lander, limene linatumidwa ndi boma la America kukakonza njira ya ngolo yolowera kumadzulo kwa dzikolo, ndipo paulendowo ankajambula tizithunzi ting'onoting'ono ta miyala, mitengo ndi anthu amene ankakumana nawo. Chithunzi chachikulucho anachijambulira ku New York n'kuchimaliza mu 1863, Lander atamwalira kale mu 1862.

Chinsalu chake n'choposa mamita 3 m'litali, moti munthu akaima patsogolo pake maso sakwanitsa kuona zonse nthawi imodzi. M'munsi muli misasa ya anthu a mtundu wa Shoshone, omwe ndi eni nthaka a kuderalo, pamodzi ndi akavalo awo, ndipo mbali imeneyi ili pamthunzi. Pakati, pomwe kuwala kwa dzuwa kwagwera, pali mathithi otsikira m'nyanja yaing'ono, ndipo pamwamba pali nsonga za mapiri zokutidwa ndi chipale chofewa, zimene utoto wake ukunka nuzilala kuti zioneke zakutali. Kasanjidwe ka mthunzi ndi kuwala kameneka ndi kamene kamakokera maso kuchoka pansi kukafika pansonga, ndipo ine ndinaona kuti apa ndi pamene pagona luso lenileni la munthuyu. Chithunzichi chinagulidwa pa madola 25,000 mu 1865.

Mtsutso unabuka pa funso lakuti kodi chithunzichi chimanena zoona. Kanthu kalikonse pakokha, kaya ndi tsinde la mtengo kapena chovala cha munthu, kanajambulidwa mosamala ngati mmene kamaonekeradi, koma palibe malo amene munthu angaime ku Wyoming, chigawo cha America kumene kuli mapiriwa, n'kuona zonsezi mmene zilili pansalupo, chifukwa Bierstadt anaphatikiza zimene anaona m'malo osiyanasiyana ndipo mapiri anawatalikitsa. Ena anati umenewo ndi ufulu wa wojambula aliyense. Ine ndinagwirizana ndi amene anati vuto silili pophatikizapo, koma pa zimene anthu anakhulupirira ataona chithunzicho, pakuti ambiri mwa iwo anali asanafikeko kumapiriwo ndipo anachitenga ngati umboni. Chinandikhudza kwambiri n'chakuti a Shoshone akuoneka okhazikika mwamtendere, chonsecho njira imene gulu la Lander linkakonza ndi imodzi mwa zimene zinabweretsa alendo ambiri odzakhala m'dziko lawo.

Potengera zimenezi, ndikupempha komiti kuti pamsonkhano wathu ukubwerawu ikambirane zoti membala aliyense wojambula mapiri aziyamba wajambula tizithunzi ting'onoting'ono ali pamalopo, ndiponso kuti pachionetsero chathu tizipachika tizithunzi timeneti pambali pa chithunzi chachikulu, n'kulembapo ngati malowo ndi amodzi kapena ophatikiza.