Kwa inu opanga emulator ya ZX Spectrum: nthawi ya makina mwaiphonya

Ndabwera poyera chifukwa makalata atatu amene ndinatumiza kwa anthu anu othandiza makasitomala ayankhidwa ndi mawu amodzimodzi, akuti ndichotse pulogalamu n'kuiikanso. Ndachita zimenezo katatu konse. Vuto lili pompo, ndipo silikuchokera pa kompyuta yanga ayi.

Ndinalipira emulator yanu, pulogalamu yotsanzira kompyuta yakale ya ZX Spectrum pa kompyuta yamakono, chifukwa munalemba kuti imatsanzira Spectrum 48K ndendende. Ine 48K yeniyeni ndili nayo, ya mabatani a labala ija ya mu 1982, ndipo ndimakonda kulemba timapulogalamu ta machine code (malangizo amene purosesa imamva mwachindunji) tojambula mitundu m'mphepete mwa sikirini. Pa makina enieniwo, mzere wanga wofiira ndi wachikasu umatsika mowongoka bwinobwino. Pa pulogalamu yanu ukutsika ngati masitepe, ukumapendekera kumanzere ndi mapikiselo 8 pa mzere uliwonse. Ndinachezera usiku wonse ndikuwerenga malangizo a purosesa ya Z80 limodzilimodzi, kuganiza kuti wolakwa ndine. Kenaka zinandionekera. Pa 48K mzere umodzi wa sikirini umatenga ma T-state (kugunda kwa wotchi ya purosesa) 224, mizere ilipo 312, ndiye chithunzi chathunthu ndi 69888. Pa Spectrum 128K ndi 228 pa mzere, chithunzi 70908. Kusiyana kwa ma T-state 4 kumeneko ndiye mapikiselo 8 anga aja. Mwatenga nthawi ya 128K n'kuiveka dzina la 48K.

Chachiwiri chikundiwawa kwambiri. Pa makina enieni, ULA, chipangizo chojambula sikirini, ikamawerenga chithunzi imaimitsa purosesa kwa kanthawi ngati nayo ikufuna memori ya pakati pa 0x4000 ndi 0x7FFF. Anthu amene ankalemba magemu nthawi imeneyo ankadziwa kuchedwa kumeneku, ena ankachita kukudalira. Kwa inu kulibiretu. N'chifukwa chake nyimbo zina za beeper, kasipika ka m'makinamo, zikumveka zothamanga, mawu ake okwera kuposa mmene khutu langa likuwadziwira. Floating bus, njira imene pulogalamu imaonera zimene ULA ikuwerenga, nayonso mulibe: port 0xFF ikungobweza 255 nthawi zonse, ndipo gemu ngati Arkanoid, imene imadikira kuwerenga zimene ULA yanyamula, ikungouma osasuntha.

Ndiye pali nkhani ya ROM, memori yosasintha yosunga pulogalamu yoyendetsa makina. Ndinakopera ROM ya 16K ya m'makina anga n'kuiyerekeza ndi yanu, ndipo sizikufanana cha pa 0x0556, pamene pamayambira kachidutswa kowerenga kaseti. Ndikumvetsa, mumafuna kuti mafayilo a TAP, osunga zomwe zinali pa kaseti, azitseguka msanga, ndipo ambiri amasangalala nazo. Koma makaseti ambiri ogulitsidwa anali ndi njira yawoyawo yolowetsera, monga Speedlock, imene sidalira kachidutswa ka mu ROM kameneka. Ndikaika fayilo ya TZX ya kaseti yotere, m'mphepete mukuthwanima kamodzi, basi makina n'kubwerera pa uthenga uja woonekera ukangoyatsa. Chikhalirecho Amstrad, imene inagula makompyuta a Sinclair mu 1986, inalola kalekale kuti ROM yeniyeni izigawidwa pamodzi ndi ma emulator. Nanga mukuisinthiranji osatiuza?

Chonde, patulani nthawi ya 48K ndi ya 128K, muikemo kuchedwa kwa memori kuja ndi floating bus, mubwezeretse ROM yosakhudzidwa, ndipo mutipatse batani losankha kuti kaseti izilowa pa liwiro lake lenileni. Kudikira mphindi zingapo ndikumvetsera kulira kwa kaseti ine sindidandaula nako, ndi mbali ya chimene ndinagulira.

Kapulogalamu kanga koyesera ndi kanema woonetsa masikirini awiriwo ali pambalipambali ndasunga. Ndiuzeni kotumiza kumene akaone ndi munthu wolemba code, osati wongokopera yankho lakale lija. Pamene mukukonza, mawu oti "ndendende" muyambe mwawachotsa pamalo ogulitsira, chifukwa ena akulipirabe atawerenga mawu omwewo.