A The Clash sanataye punk pa chimbale cha London Calling

Akonzi,

Ndiyambe ndi kuthokoza chifukwa cha tsamba la zoimbaimba limene mumatipatsa sabata ndi sabata. Koma mundilole ndisiyane maganizo ndi mlembi wanu uja amene ananena kuti bandi ikasintha chamba ndiye kuti yafulatira anthu amene anaikweza. Popereka chitsanzo anatchula anyamata a ku London a The Clash, n'kunena kuti chimbale chawo cha mu 1979 cha London Calling ndi pomwe anaikira m'manda punk, chamba cha rock chothamanga ndi chaukali chimene anatchuka nacho. Chimbale chimenechi ndachimvera zaka zoposa 30, ndipo mawuwo sanandikhale bwino mumtima.

Ndinachidziwira pa kaseti. Malume anga, amene anakaphunzira ku Britain, anabwera nayo kaseti yokopera, mayina a nyimbo atalembedwa ndi bolopeni pakapepala kam'kati. Tinkaiyimba pakhonde ku Ndirande mu wailesi ya mabatire 6. Mabatire akayamba kufooka, mawu a Joe Strummer, woimba wamkulu wa bandiyi, ankakoka ngati a munthu amene wangodzuka, ndipo tepi ikakodwa tinkaikulunga ndi pensulo mosamala kuti isaduke. Chingerezi chawo chinkandipita pambali. Chimene chinandigwira ndi besi ya nyimbo ya The Guns of Brixton, yolemera, yoyenda mosathamanga. Ndinafunsa malume kuti, "Kodi azunguwa reggae anaiphunzira kuti?" Iwo anati, "Anakulira nayo, mphwanga."

Pamenepa ndi pomwe mlembi wanu waphonya. Paul Simonon, woimba besi, amene analemba ndi kuimba yekha nyimboyo, anakulira ku Brixton, dera la mu London, pakati pa mabanja ochokera ku Jamaica. Chimbale chawo choyamba cha mu 1977, chomwe aliyense amavomereza kuti ndi punk yeniyeni, chili ndi nyimbo ya Junior Murvin ya Police and Thieves, yotalika mphindi 6 pakati pa nyimbo zothamanga za mphindi ziwiriziwiri. Ku kalabu ya Roxy, kumene a punk ankasonkhana, Don Letts ankawaikira malekodi a reggae popeza malekodi a punk anali asanachuluke. Bob Marley yemwe, amene anali ku London chaka chimenecho atapulumuka chipolopolo ku Kingston, anawatchula dzina mu nyimbo yake ya Punky Reggae Party. Nanga munthu angawanene bwanji kuti mu 1979 anabwereka malaya a eni, chikhalirecho malayawo anali nawo m'thumba kuyambira tsiku loyamba?

Chimene chinasintha n'chakuti anaphunzira kuimba. Ndikunena izi mwaulemu. Mu 1976 Simonon anali asanadziwe n'komwe kagwiridwe ka besi. Mick Jones, woimba gitala m'gululi, ndiye ankamuphunzitsa. Pofika 1979 anali atasiyana ndi manijala wawo Bernie Rhodes, ndalama zili zovuta, ndipo anadzitsekera m'chipinda china ku Pimlico mu London n'kumayeserera tsiku ndi tsiku. Akatopa ankatuluka kukamenya mpira, akabwerera n'kuyambanso. Ankayamba ndi nyimbo zakale za anthu ena, za rock and roll, ska ndi soul, mpaka zala zinazolowera njira zatsopano.

Ndipo anali ndi Topper Headon. Anthu akamakamba za bandi imeneyi amathamangira kwa Strummer, koma kwa ine chinsinsi cha chimbalechi chili pa ng'oma. Headon analowa m'gululi mu 1977 akudziwa kale kuimba jazz ndi soul. Woimba ng'oma wotero simungamuuze kuti azingomenya kamodzimodzi komweko mpaka kalekale. Tamverani mmene akuyendetsera Jimmy Jazz mwa phee, ngati munthu woyenda chonyang'ama usiku, kenako mmene akudumphira pa Rudie Can't Fail malipenga akumuthira mang'ombe. Aliyense amene anaimirirapo pafupi ndi ng'oma pa gule amadziwa kuti wovina amapita kumene ng'oma yamutuma. Ng'oma zitatsegula njira, Jones ndi Strummer anayamba kupeka nyimbo zimene zaka ziwiri m'mbuyomo sakanazikwanitsa. Kukana kuyenda m'njira imeneyo kukanakhala kunamizira umbuli pofuna kusangalatsa anthu, ndipo kumeneko ndiye kukanakhala kunyenga owatsatira.

Anajambula ku situdiyo ya Wessex ndi Guy Stevens, woyang'anira ntchito yojambulayi, munthu amene kampani yawo ya CBS sinkamufuna chifukwa cha khalidwe lake. Ankaponya mipando oimba ali mkati moimba, n'cholinga choti magazi awire. Bill Price ndiye anali pa makina kuonetsetsa kuti zonse zikulowa bwino. Zotsatira zake ndi nyimbo 19 zimene zinatuluka pa 14 December 1979, ndipo ngakhale muli piyano ndi malipenga, ukali uja sunazime.

Mlembi wanu akuyeza punk ndi liwiro la gitala. Ine ndimaiyeza ndi zinthu ziwiri: zimene oimba akunena, ndi mmene akuchitira ndi munthu wa m'thumba mopepuka. Pa zonena, chimbalechi chinabadwa chaka chimene Britain inadutsa m'nyengo ya masitalaka, Margaret Thatcher n'kulowa m'boma, ndipo ku America kunachitika ngozi ya nyukiliya ku Three Mile Island. Mantha onsewa akumveka mu nyimbo yoyamba. Clampdown ikuchenjeza wachinyamata kuti asalole ntchito kumusandutsa kapitawo wopondereza anzake. Lost in the Supermarket ndi ya mwana wosungulumwa amene wakula n'kupeza kuti za m'sitolo sizithetsa kusungulumwa. Awa ndi anyamata omwe aja amene mu April 1978 anaimba ku Victoria Park pa msonkhano wa Rock Against Racism wotsutsa tsankho la khungu. Sindikuona pomwe anabwerera m'mbuyo.

Pa za m'thumba, London Calling ndi malekodi awiri, koma anaumirira kuti agulitsidwe pamtengo wa lekodi imodzi. Chaka chotsatira anatulutsa Sandinista!, malekodi atatu a nyimbo 36, n'kulolera kuti gawo lawo la ndalama lichepe kuti mtengo usakwere. Ndivomereze kuti chimbale chimenecho chinachulukitsa ndiwo. Muli nyimbo zina zimene ndimadumpha mpaka lero. Mlembi wanu akanadandaula za icho, ndikanamumvetsa. Koma anthu ofuna kulemera mwachangu sachita malonda mwa njira imeneyo.

Dandaulo lakeli si lachilendo. Pomwe anasaina ndi CBS mu 1977, ena ananena kale kuti punk yafa tsiku lomwelo. Ndikumvetsa chimene chimawawa. Munthu ukakonda bandi uli mnyamata, umafuna ikhale momwe unaipezera, chifukwa ikasintha imakukumbutsa kuti nawenso zaka zapita. Inenso ndinakwiyapo ndi oimba akwathu konkuno atasiya chamba chimene ndinawadziwira. Koma woimba si chithunzi chopachika pakhoma. Ngakhale chikuto cha chimbalechi chikunena zomwezo. Pennie Smith anajambula Simonon akuphwanya besi yake pasiteji ku Palladium mu New York, ndipo Ray Lowry anakuta chithunzicho ndi zilembo zapinki ndi zobiriwira zofanana ndi za pa chimbale choyamba cha Elvis Presley. Mkwiyo wa punk uli pakati, mizu ya nyimbo zakale ili m'mbali, onse pa pepala limodzi.

Pali kanthu kena kamene owerenga anu ambiri sakadziwa. Strummer, amene dzina lake lenileni linali John Mellor, anali mwana wa wogwira ntchito za ukazembe. Anabadwira ku Ankara mu 1952, ndipo bambo ake anagwirako ntchito kuno ku Malawi iye ali pasukulu yogonera komweko ku England. Munthu wokula chonchi makutu ake sakhala ndi mpanda, ndipo mpaka pomwe anamwalira mu December 2002 ankaimba ndi kuulutsa nyimbo za m'maiko osiyanasiyana, kuphatikizapo pa pulogalamu yake ya pa BBC World Service.

Pempho langa, Akonzi, ndi lakuti mlembi wanu akhale pansi amvere chimbale chonsechi kuyambira nyimbo yoyamba mpaka Train in Vain, imene inalowa mochedwa moti dzina lake silinasindikizidwe pachikuto choyambirira. Akatero alembenso, atiuze nyimbo imene akuona kuti anyamatawa ananama. Ndidzawerenga ndi mtima wonse, ndipo ngati mudzandipatsenso danga ndidzamuyankha.

Ine wowerenga wanu,
Ndirande, Blantyre