Masamu a ku yunivesite amagwira ntchito ngakhale m'chigafa

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa masamu otchedwa linear approximation, njira yachidule yoyerekezera yankho zinthu zikasintha pang'ono, amene ophunzira ambiri a m'mayunivesite amawaopa. Ndinaphunzitsa masamu ku sekondale kwa zaka zambiri, ndipo pano ndimalima fodya wa bale kuno ku Kasungu. Mphwanga atabwera kutchuthi anandiuza kuti ma partial derivative, omwe ndi maziko a masamu amenewa, amangowaloweza pamtima kuti akhoze mayeso, poti sakuona kumene adzawagwiritse ntchito. Zinandipweteka mtima, chifukwa ndi masamu omwewo amene ndimawerengera mabelo anga asanapite ku msika wa Chinkhoma.

Tinakhala pamkeka pafupi ndi chigafa, ndipo ndinamulembera pa chidutswa cha katoni. Ndalama za mlimi wa fodya, zisanadulidwe, zimapezeka pochulukitsa zinthu zitatu: makilogalamu, mtengo wa kilogalamu m'madola, ndi mtengo wa dola m'makwacha. Tiyerekeze kuti muli ndi makilogalamu 1,000, mtengo ndi madola 2, ndipo dola ili pa K1,700. Mupeza K3,400,000. Partial derivative ndi yankho la funso limene mlimi aliyense amadzifunsa: zina zonse zitakhala momwe zilili, chinthu chimodzi chokha n'kusintha pang'ono, ndalama zanga zisuntha bwanji? Kilogalamu imodzi ikasowa pa sikelo, mwataya K3,400. Mtengo ukakwera ndi senti imodzi, mwapindula K17,000.

Nanga ziwirizi zikasintha nthawi imodzi? Tinene kuti fodya wapepuka ndi makilogalamu 30, koma wogula wawonjezera masenti 10. Simufunika kuyambiranso kuchulukitsa. Chotsani K102,000 ya kupepukako, wonjezerani K170,000 ya mtengo, mupeza K3,468,000. Mphwanga anawerengera pa foni yankho lenileni, ndipo linatuluka K3,462,900. Kusiyana kwake ndi K5,100 yokha pa ndalama zoposa K3 miliyoni, ndipo K5,100 imeneyi ndi ya masenti 10 aja pa makilogalamu 30 amene kulibe. Linear approximation ndi imeneyi: kuyeza mbali iliyonse payokha, kenako n'kuphatikiza.

Chain rule imabwera pamene chinthu chimodzi chikukhudza ndalama kudzera m'njira zingapo. Ng'amba ikagwa fodya ali m'munda, masamba amachepa kulemera, komanso giredi yake imatsika, mtengo n'kutsikira limodzi. Ngati sabata imodzi ya dzuwa ingadye makilogalamu 15 ndi masenti 2, ndiye kuti mbali ya sikelo mwataya K51,000, mbali ya mtengo K34,000, zonse pamodzi K85,000 pa sabata. Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma munthu amene ali ndi ake enieni angathe kuona ngati kulemba aganyu othirira kungamubwezere ndalama kapena ayi.

Pali chenjezo limene ndikufuna limveke kwambiri, chifukwa ndi pamene ambiri timapunthwa. Njira imeneyi imanena zoona pokhapokha kusinthako kuli kochepa. Mu Novembala 2023, banki yaikulu ya Reserve inatsitsa mphamvu ya kwacha, dola n'kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700, komwe ndi kukwera ndi 44 peresenti. Tiyerekeze mlimi amene zokolola zake zatsika ndi 40 peresenti m'nyengo yotero. Akangochotsa 40 pa 44, aganiza kuti wapindula ndi 4 peresenti, pomwe akachulukitsa 1.44 ndi 0.60 apeza 0.864, kutanthauza kuti makwacha ake achepa ndi pafupifupi 14 peresenti, ndipo apa sitinawerengere kukwera kwa feteleza. Kagawo kaja kamene tinakanyalanyaza kali K5,100 kamakula msanga kusinthako kukakula.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi a masamu m'mayunivesite ndi m'makoleji athu. Musanalembe x, y ndi z pa bolodi, yambani ndi belo la fodya, thumba la soya kapena ndowa ya mtedza, zinthu zimene ana athu anakula akuzisenza. Alangizi a zaulimi nawonso aphunzitsidwe njira imeneyi, kuti pokumana ndi makalabu a alimi aziwathandiza kudziwa phindu la kilogalamu imodzi ndi la senti imodzi msika usanatsegulidwe.

Mphunzitsi wopuma,
Kasungu